Kodi ndodo yakale ya fayiba ingawedzebe trout pa phiri la Zomba?

Wowerenga wina wa ku Zomba watilembera motere: "Malume anga, amene anatisiya chaka chatha, ankagwira ntchito m'nkhalango ya pa phiri, ndipo pogawa katundu wawo ine ndinapatsidwa ndodo yowedzera ya zigawo ziwiri, yofiirira, yolembedwa kuti Fenwick FF806, pamodzi ndi kagudumu kakuda kokulungira chingwe kolembedwa kuti Pflueger Medalist. Ndakhala ndikuwedza ndi nyongolotsi kuyambira ndili mwana, koma tsopano ndikufuna kuphunzira kuwedza trout ndi nyambo ya nthenga monga ankachitira malumewo. Mnzanga amene amakhala ku Johannesburg akuti ndodoyi ndi yolemera, ndi yofewa, ndi yachikale, ndipo ndingoikoleka pakhoma n'kugula ya graphite. Kodi akunena zoona? Nanga sithyoka ndikangokola nsomba yoyamba?"

Bambo, pepani ndi imfa ya malume anu. Pa za ndodoyo mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa chimene muli nacho m'manja si chinthu chotha ntchito. Mnzanuyo sakunama pamene akuti ndodo ya fayiba (yopangidwa ndi timaulusi ta galasi) ngati yanuyi ndi yolemererapo ndiponso yofewa poyerekeza ndi ya graphite (yopangidwa ndi timaulusi ta kaboni), koma walakwitsa poganiza kuti kufewako ndi chilema. Pa timitsinje ta pa phiri la Zomba, pamene mitengo yazinga madzi mbali zonse ndipo nsomba ili pafupi ndi miyendo yanu, kufewa kumeneko n'kumene mukufuna. Ndawedza kwa zaka zambiri ndi ndodo za mitundu yonse iwiri, ndipo ndikamapita ku mtsinje waung'ono ndimatenga ya fayiba popanda kuganiza kawiri.

Ndi bwino mudziwe kaye kumene ndodo zimenezi zinachokera. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, ndodo zabwino zowedzera ndi nyambo ya nthenga zinkapangidwa ndi nsungwi za ku China, zong'ambidwa mwaluso n'kumatidwa zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo zinali zodula komanso zofuna chisamaliro chachikulu. Mu 1947 kampani ya Shakespeare ku America inayamba kugulitsa ndodo yotchedwa Wonderod, yopangidwa ndi timaulusi ta galasi tomatidwa ndi utomoni, ndipo pasanapite nthawi makampani ena monga Conolon, Phillipson ndi Fenwick anatsatira. Ku England nako kampani yakale ya Hardy, ya m'tauni ya Alnwick, inapanga zake. Kwa zaka pafupifupi 25 fayiba ndiye anali mfumu pa mitsinje yonse ya trout, mpaka pamene Fenwick yomweyo inatulutsa ndodo ya graphite mu 1973. Graphite itafika, anthu anasiya fayiba mofulumira, osati chifukwa choti inaleka kugwira nsomba, koma chifukwa choti ndodo zatsopanozo zinali zopepuka ndipo zinkaponya kutali. Zotsatira zake n'zakuti ndodo za fayiba zopangidwa chakumapeto kwa nyengo imeneyo, pamene amisiri anali atalidziwa bwino luso lake, ndi zimene owedza ambiri amazifunafuna lero, ndipo yanuyo ili m'gulu limenelo. Manambala atatu a FF806 anayamba kulembedwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo akutanthauza kuti ndodoyo ndi yotalika mafiti 8, amene ndi pafupifupi mamita 2.4, komanso kuti inapangidwira chingwe cha nambala 6.

Tsono chimene chimakopa anthu pa ndodo zotere n'chiyani? Pa kuwedza kumene munazolowera, chimene chimauluka ndi nyambo kapena kachitsulo kolemera, ndipo chingwe chimangotsatira. Pa kuwedza kwa nyambo ya nthenga zinthu zimatembenuka: nyamboyo ilibe kulemera kulikonse, choncho chimene mumaponya ndi chingwe chenichenicho, ndipo ntchito ya ndodo ndi kupindika chifukwa cha kulemera kwa chingwecho n'kudziwongola n'kuchikankhira patsogolo. Ndodo ya graphite yolimba imafuna kuti mutulutse chingwe chachitali isanayambe kupindika bwino. Ya fayiba imapindika ngakhale mutatulutsa chingwe cha mamita atatu kapena anayi okha, chifukwa kulemera kwake komwe kumaithandiza kupindika, ndipo imapindika kuyambira kunsonga mpaka pafupi ndi chogwirira. Pa mtsinje wa Mulunguzi, kumtunda kwa damu, si kawirikawiri kuti mufunike kuponya kupitirira mamita 10. Pa mtunda wotere ndodo yanu imauza dzanja lanu chimene chingwe chikuchita kumbuyo kwanu ngakhale simukuchiona, ndipo kwa munthu amene akuphunzira kumene palibe mphunzitsi woposa ameneyo.

Ubwino wachiwiri umaoneka nsomba ikadya. Trout ya mtundu wa rainbow, imene inabweretsedwa m'mapiri athu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, imalumpha ndi kugwedeza mutu ikangomva mbedza, ndipo kachingwe ka nayiloni kamene kali kumapeto kamakhala kopyapyala kwambiri. Ndodo yolimba imapereka mphamvu yonse ya kugwedezako ku kachingweko, ndipo kamaduka kapena mbedza imang'amba mlomo wa nsomba. Ndodo ya fayiba imameza kugwedezako. Mudzaonanso kuti nsomba yotalika ngati chikhatho chanu imapinda ndodo mpaka mtima kugunda, ndipo ine sindichita manyazi kunena kuti chimenechi ndi theka la chifukwa chimene timavutikira kukwera phiri.

Pa funso lanu lakuti kodi sithyoka, yankho ndi lakuti fayiba ndi yopirira kuposa graphite. Timaulusi ta galasi timatamuka kwambiri tisanaduke, ndipo khoma la ndodo zakale ndi lochindikala. Ndodo ya graphite ikamenyedwa ndi mwala kapena ndi nyambo yolemera imatha kukhala ndi kabala kosaoneka, n'kudzathyoka tsiku lina mwadzidzidzi. Ya fayiba imapirira kugundidwa ndi nthambi tsiku lonse. Ndodo zambiri zimene ndaona zitathyoka sizinathyoledwe ndi nsomba, koma ndi chitseko cha galimoto, phazi la munthu, kapena mwini wake pokoka ndi mphamvu nyambo yokodwa mu mtengo. Nyambo ikakodwa, ikani ndodo pansi, gwirani chingwe ndi dzanja, tembenuzani nkhope, ndipo kokani.

Komabe ndodo ya zaka pafupifupi 50 iyenera kuyesedwa musanaikhulupirire. Ipukuteni ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, kenako muiyang'ane padzuwa chigawo ndi chigawo. Kukalika kwa vanishi si vuto. Chimene muyenera kuopa ndi mzere woyera wotsata utali wa ndodo, kapena malo amene timaulusi tadzuka, chifukwa zimenezo zikusonyeza kuti yaphwanyika mkati, ndipo musayendetsepo chala popeza timaulusi ta galasi timalowa m'khungu. Pambuyo pake yang'anitsitsani polumikizira zigawo ziwirizo. Fenwick inatchuka chifukwa cha polumikizira popanda chitsulo, pamene chigawo chakumtunda chimavala nsonga ya chigawo chakumunsi, ndipo m'kamwa mwa chigawo chakumtundacho ndi mmene mng'alu umayambira. Ngati mulibe mng'alu, pakani kandulo pang'ono pa nsonga yolowayo, lumikizani mopotoza pang'ono kufikira timphete tonse todutsamo chingwe titaima pa mzere umodzi, ndipo gwedezani ndodoyo pang'onopang'ono mutatchera khutu. Mukamva kulira kwa "ke, ke" ndiye kuti polumikizira pakhwepa kapena kamphete kena kamasuka. Timpheteto muthanso kutiyesa ndi thonje: lipititseni m'kamphete kalikonse, ndipo likakodwa ndiye kuti kamadyeka kapena kachita dzimbiri, ndipo kadzakuwonongerani chingwe chatsopano pa masabata ochepa. Kumanganso kamphete ndi ulusi wa nayiloni n'kupaka vanishi ndi ntchito imene munthu wodekha angathe kuchita pakhonde. Chogwiriracho chitsukeni ndi sopo basi, musachipale.

Kagudumu kanu nako n'kabwino. Medalist inayamba kupangidwa cha m'ma 1930 ku Akron m'chigawo cha Ohio, ndipo ndi kachipangizo kosavuta kamene mungathe kukamasula ndi sikuludilaiva imodzi. Chilema chake chodziwika n'chakuti timasikuluwu ta m'mbali timamasuka tokha n'kugwera m'madzi, choncho timangeni tonse ndipo donthezani kadontho ka polishi wa zikhadabo pamutu pa kalikonse. Tsukani girisi wakale wouma, ikani kadontho ka mafuta a makina osokera pa chitsulo chapakati, koma musalole mafuta kufika pa buleki yoletsa gudumu kuzungulira mwaliwiro nsomba ikakoka chingwe. Ambiri mwa magudumu akale amenewa anapangidwira munthu wokulunga ndi dzanja lamanja. Ngati lanu lili choncho, lizolowereni momwemo, popeza trout za m'mitsinje yathu kawirikawiri mumazikoka ndi dzanja osagwiritsa ntchito gudumu n'komwe.

Pamene ndikufuna kuti muikepo ndalama zanu ndi pa chingwe. Anthu ambiri amene amati ndodo yakale "ndi yakufa" amakhala ataiyesa ndi chingwe cholakwika kapena chakale chong'aluka. Kuyambira mu 1961 zingwe zimapatsidwa nambala molingana ndi kulemera kwa mafiti 30 oyambirira, amene ndi mamita 9 ndi pang'ono: cha nambala 5 chimalemera pafupifupi magalamu 9, cha nambala 6 magalamu 10 ndi theka osakwana, cha nambala 7 magalamu 12. Kusiyana kwa galamu imodzi ndi theka kumaoneka kochepa papepala, koma dzanja limakumva msanga. Inu mukufunika chingwe choyandama cha nambala 6. Pa bokosi pakalembedwa DT6F ndiye kuti chingwecho n'chosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo mbali imodzi ikatha mumachitembenuza, zimene ndi zothandiza kwa ife amene zinthuzi timaitanitsa kunja. Cholembedwa WF6F nachonso chigwira ntchito. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: zingwe zambiri zamakono zimapangidwa zolemera kuposa nambala yolembedwayo pofuna kupinda ndodo zolimba za graphite, ndipo pa ndodo yanu chingwe chotere chidzaipangitsa kuoneka yaulesi. Mnzanu wa ku Johannesburg uja, m'malo mokugulirani ndodo, mum'pemphe akafunse m'sitolo chingwe cha kulemera kwenikweni kwa nambala 6. Ngati m'katundu wa malume mungapezemo bokosi lolembedwa zilembo zokha monga HDH, imeneyo ndi njira yakale yoyezera zingwe, ndipo HDH imafanana ndi nambala 6 ya masiku ano. Chingwe cholukidwa, chomata m'manja, chikhoza kukhala cha silika, ndipo chimenecho musachitaye musanaonetse munthu wodziwa. Cha pulasitiki chong'aluka ndiye chatha basi.

Kumapeto kwa chingwecho mumangapo kachingwe ka nayiloni kotalika mamita awiri kapena awiri ndi theka, konka kachepa mpaka kunsonga, ndipo nsonga yolembedwa 4X kapena 5X, manambala osonyeza kupyapyala kwake, ndi yokwanira. Nayiloni aliyense amene malume anasiya mutayeni, chifukwa nayiloni amafooka ndi zaka ndi kutentha ngakhale akuoneka bwino. Za nyambo musadzaze bokosi. Nyambo zotchedwa Woolly Bugger yakuda kapena yobiriwira, Pheasant Tail yaing'ono, Adams yoyandama, ndi imodzi mwa nyambo zimene owedza a kum'mwera kwa Africa akhala akuzidalira, monga Walker's Killer kapena Mrs Simpson, zikukwanirani chaka choyamba. Mukadzayamba kumanga zanu mudzapeza kuti nthenga za nkhanga ndi za m'khosi mwa tambala zimagwira ntchito bwino, ndipo nyambo yofanana ndi ngumbi pa nthawi ya mvula yoyamba, kapena yofanana ndi chiwala pa udzu wa ku Nyika, imaposa zambiri zogula.

Tsopano za kaponyedwe, pamene ambiri amakhumudwira. Ndodo ya fayiba imadana ndi phuma. Munthu wozolowera kuponya nyambo yolemera amaikwapula ndi mphamvu, ndipo chingwe chimalira ngati chikoti kumbuyo, nyambo n'kuduka, kapena chonse chimagwa mulu patsogolo pake. Zili ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi: simutsitsa musi wanu mnzanu asanatulutse wake. Nyamulani chingwe pamadzi mosafulumira, onjezerani liwiro pang'onopang'ono, imitsani ndodo mwadzidzidzi ikangodutsa pang'ono pamutu panu, ndiye dikirani kufikira mutamva chingwe chikukoka nsonga kumbuyo. Pamenepo m'pamene mumapita patsogolo, ndi mphamvu yochepa kuposa imene mukuganiza, n'kuimitsanso ndodo isanaloze pamadzi. Mkono usagwedezeke kwambiri pa mfundo ya dzanja. Yambani pa bwalo la mpira, mutamanga kachidutswa ka ubweya m'malo mwa mbedza, ndipo muphunzire kuponya mamita 8 molunjika musanaganize za mtunda wautali. Phunziraninso kaponyedwe kogubuduza chingwe pamadzi popanda kuchipititsa kumbuyo, chifukwa pansi pa mitengo ya pa Zomba mudzakagwiritsa ntchito kuposa kena kalikonse, ndipo ndi kaponyedwe kamene fayiba imachita bwino kuposa graphite. Valani magalasi ndi chipewa nthawi zonse, ndipo finyani kaminga ka mbedza ndi pulayala. Mbedza ikalowa m'diso, m'chikope, kapena mozama pafupi ndi mfundo ya chala, musayese kuichotsa nokha: dulani chingwe, phimbani malowo, ndipo pitani kuchipatala.

Pali malo amene mnzanu uja adzakuposani, ndipo sindikufuna kukubisirani. Pa madamu a ku Chelinda, pa mapiri a Nyika, palibe mitengo yotchinga mphepo ndipo nsomba nthawi zina zimadyera kutali ndi gombe. Kumeneko ndodo ya graphite ya mafiti 9 imaboola mphepo bwino ndipo sitopetsa phewa. Yanu idzawedzabe, makamaka m'mamawa ndi madzulo pamene mphepo yagona ndipo nsomba zayandikira m'mphepete, koma masana a mphepo mudzavutika. Pa malo oyera ngati amenewo, mabingu akayamba, ikani ndodo pansi ndipo muchoke pamadzi, kaya ndi ya fayiba kaya ndi ya graphite. Komanso musaitengere ndodoyi ku Shire wakumunsi, kupitirira mathithi a Kapichira, kukalimbana ndi tigerfish, nsomba yamphamvu ya mano akuthwa. Nsomba imeneyo imafuna ndodo ya nambala 8 kapena 9, gudumu la buleki yamphamvu ndi waya kumapeto, ndipo mbedza kuti ilowe m'kamwa mwake mwa mafupa pamafunika kulimba kumene ndodo yanu ilibe. Koma pa madamu a m'minda, pamene pali nsomba monga bass, chilunguni ndi makumba, ndodo ya nambala 6 ndi yoyenera bwino, ndipo ndikulimbikitsani kuti muphunzirire kumeneko, pafupi ndi kwanu, musanawononge ndalama za ulendo.

Izi ndikunena chifukwa trout si nsomba ya kuno, ndipo imangokhala pamene madzi ndi ozizira ndi oyera. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, ndipo nsomba yogwidwa m'madzi otere ikhoza kufa ngakhale mutaibweza. Kudulidwa kwa mitengo ndi moto wa m'tchire pa Zomba ndi pa Mulanje kwachotsa mthunzi m'mbali mwa mitsinje yambiri ndipo kumagwetsera dothi m'madzi, choncho musayembekezere kupeza nsomba zochuluka ngati zimene malume ankakusimbirani. Musanakwere phiri, pitani ku ofesi ya za nkhalango mukafunse za chilolezo, miyezi imene kuwedza n'kololedwa, ndi chiwerengero cha nsomba zimene mungatenge, ndipo ku Nyika mufunse a ofesi ya paki. Nyongolotsi zanu zija muzisiye kunyumba, popeza pa madzi a trout kawirikawiri nyambo ya nthenga yokha ndi imene imaloledwa. Nsomba imene mukufuna kuibweza muigwire ndi manja onyowa ndipo musaitulutse m'madzi nthawi yaitali.

Wina akhoza kukuuzani kuti ndodoyi ndi chuma chobisika ndipo muigulitse. Fenwick inapanga ndodo zimenezi zochuluka kwambiri, kotero mtengo wake kwa osonkhanitsa zinthu zakale si waukulu, ndipo ndalama zimene mungapeze sizingakugulireni yatsopano yabwino mofanana. Makampani monga Orvis, Scott, Redington ndi Epic ya ku New Zealand akupanganso ndodo za fayiba masiku ano chifukwa anthu azifunanso, ndipo zina mwa izo zimagulitsidwa pa mtengo woposa wa ndodo zambiri za graphite. Ngati mungafune kudziwa chaka chimene yanu inapangidwa, yang'anani chilembo choyambirira cha nambala yaing'ono yolembedwa pafupi ndi chogwirira, chifukwa osonkhanitsa ndodo za Fenwick ali ndi mndandanda wosonyeza chaka cha chilembo chilichonse. Chimene musachite ndi kupala utoto ndi zolembazo pofuna kuti ioneke yatsopano.

Pali zinthu zitatu zimene sindikulangizani kukonza nokha: mng'alu wa polumikizira, mzere woyera pa thupi la ndodo, ndi chogwirira kapena chomangira gudumu chimene chikuzungulira chokha. Zimenezi zimafuna mmisiri wa ndodo, amene angaike kachidutswa kolimbitsa mkati kapena kumanga ndi ulusi ndi guluu woyenera, ndipo amisiri otere mungawafunefune ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kumene kuwedza trout ku Dullstroom, ku Rhodes ndi ku Nyanga kudakali kwamphamvu. Musayese kuthira supa guluu pa polumikizira, chifukwa mudzamata zigawozo mpaka kalekale kapena kukulitsa mng'aluwo. Zigawo zikakanirira osatuluka, musapotoze mutagwira timphete: ikani ndodo kumbuyo kwa mawondo, gwirani mbali zonse ziwiri pafupi ndi polumikizira, ndipo tambasulani miyendo pang'onopang'ono. Mukabwera kowedza, ipukuteni, iume usiku wonse isanalowe m'thumba lake, ndipo muisunge itagona kapena itapachikidwa pamalo ozizira, osati yoyedzamira pakhoma pansi pa malata otentha, chifukwa ndodo ya fayiba yosiyidwa choncho imapindika n'kukhala yopindika.